Magazi a Agogo mu Firiji ya Yakubu

Medson anakumana ndi Mwawi pa siteji ya Nsungwi mu 1996. Mtsikanayo anali atafungatira bokosi la buluu ngati khanda.

"Achemwali, muli Fanta umo?"

"Muli magazi a agogo," anayankha akuseka.

Mwawi anali wasayansi. Ankatenga magazi a nkhalamba za ku Mgona, n'kumafufuza m'maselo chimene chimachititsa kuti ena azikalamba akulima pamene anzawo agwa ndi shuga. Medson, kalaliki wa fodya ku Kanengo, sanamvepo kanthu. Iye anangoona kamwetulidweko, basi mtima unapita.

Chikondi chinayaka, mpaka Medson anamuveka mphete yachitomero. "Duwa langa," ankatero Medson, "ufufuze msanga mankhwalawo, ndikufuna tikalambe limodzi."

"Ndidzakukonda ngakhale mano atatha, wapamtima."

Koma magetsi, abale! Jenereta ya ku labu, kumene Mwawi ankayezera magaziwo, inali yakufa. Magetsi akangothima, Mwawi ankasiya chilichonse, ngakhale dzanja la Medson, kuthamangira kukapulumutsa timabotolo take ta magazi. Ankapita nato kwa Yakubu, mnyamata wa buchala ku Nsungwi, yemwe anali ndi jenereta ndi firiji yaikulu.

Nsanje inamudya Medson ngati chiswe. Mkazi wanji wothamangira mwamuna wina mdima ukangogwa? Komanso Yakubuyo bwanji anali wosalala choncho?

"Iweyo ndi wabuchala uja pali chiyani?"

"Pali firiji, Medson. Magazi akasungunuka, ntchito yanga yonse yafa."

Sanakhulupirire. Loweruka lina la Okutobala, magetsi atathima kuyambira dzulo lake, Mwawi anapita ku maliro ku Mgona. Medson analunjika kubuchala maso ali gwa.

"Achimwene, katundu wa mkazi wanga atuluke muno. Lero."

"Bwana, izi sizifuna kutentha," anachonderera Yakubu. "Dikirani abwere eni ake."

"Ukumudziwa kuposa ine?"

Makasitomala anayamba kuunjikana. Yakubu, posafuna ndewu, anatulutsa bokosi lija.

Medson analiika patebulo kunyumba kwake, pansi pa malata otentha ngati chiwaya, natuma uthenga kwa Mwawi. Anakhala pampando monyadira. Lero adziwa kuti mwamuna ndani!

Mwawi anafika dzuwa litapendeka, nsalu ya kumaliro ikadali m'chiuno. Ataona bokosilo anaima chilili. Analitsegula pang'onopang'ono. Ayezi yense anali madzi ofunda, timabotolo tikungoyandama.

Anatola kamodzi. "Awa ndi agogo Fatu. Ndi amene tawaika lero." Anatolanso kena. "Awa anapita chaka chatha. Ndikawatengenso kuti, Medson? Kumanda?"

"Duwa langa, ndimaopa kukutaya."

"Yakubu sanandiitanepo duwa. Koma iye anasunga chimene ndimakonda."

Medson anagwada, misozi ili mbwembwembwe. Analonjeza firiji, jenereta, chinkhoswe mwezi womwewo. Mwawi anangovula mphete yachitomero, naiika pamadzi amene anadontha patebulo.

"Unati tikalambe limodzi. Ukanafunsa kaye chimene ndinkasunga."

Ananyamula bokosi lake natuluka, osacheuka.

Chaka chotsatira Medson anamva kuti Mwawi wapita ku Blantyre kukayambiranso kafukufuku wake. Yakubu anakwatira mtsikana wa kwawo ku Salima amene anamutomera kalekale, ndipo Nsungwi yonse inkadziwa kupatula Medson.

Mpaka lero magetsi akathima, Medson amadzidzimuka n'kuyang'ana kukhomo. Koma palibenso womuthawa, palibenso womuchitira nsanje. Amangokhala yekha mumdimamo, akukalamba.