Dzina Limodzi pa Pepala la Stamen

Basi yomaliza yopita kumudzi inanyamuka Stamen akadali m'holo, atakhala kuseri kwa tebulo lake, manja ali pamaondo. Anaimva ikulira panja koma sanadzuke. Mumtima ankati mwina wina abwera, paja anthu ena amachedwa.

Sanabwere aliyense.

Msonkhano wa masewera a patebulo unkachitika kamodzi pachaka m'tauniyo, Loweruka ndi Lamlungu, m'holo ya pamwamba pa laibulale. Aliyense wobwera ndi masewera opanga yekha ankapatsidwa tebulo ndi pepala, ndipo munthu akasewera mpaka kumapeto ankalemba dzina lake papepalapo. Pepala likagona lopanda dzina ngakhale limodzi, Lamlungu tebulolo ankapatsa wina, masewerawo osafika pamaso pa oweruza a mpikisano.

Stamen anali kalipentala wopuma ntchito. Masewera akewo anawapanga zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali a abusa otsitsa nkhosa kuphiri chipale chofewa chisanatseke njira. Nkhosa makumi anayi anazisema yekha, iliyonse ndi nkhope yakeyake, kuphatikizapo mimbulu isanu. Malamulo anawalemba pamanja, masamba makumi awiri.

Tsiku lonse achinyamata ankaima patebulopo, kunyamula kankhosa, kukajambula ndi foni. Ankamutchula kuti bai Stamen, monga amatchulira munthu wamkulu mwaulemu kumeneko.

"Koma zokongola, bai Stamen! Zimatha nthawi yaitali bwanji?"

"Maola atatu, mukazolowera."

"Atatu! Ndiye tibwere ndi mabulangete?"

Ankaseka, mwina osati mwachipongwe kwenikweni, n'kupita kumatebulo kumene masewera ankatha banitsa, chitumbuwa chawo cha tchizi, isanazizire m'dzanja.

Radostina, mayi amene ankayendetsa msonkhanowo, anafika makiyi akulira m'manja. Anayang'ana pepala loyera lija, kenako anayang'ana kumbali.

"Tikutseka, bai Stamen. Lamulo mukulidziwa, sindinalipange ine. Mukapeza dzina limodzi pofika mawa m'mawa, tebulo ndi lanu. Kasewereni ngakhale ndi amayi kunyumba."

Mkazi wakeyo anali atamuuza kalekale kuti nkhosa zamtengo sizikamidwa mkaka.

Stamen analongedza bokosi lake, natsika masitepe, nakankha ndi phewa chitseko chachikulu, chija chodzaza ndi mapepala a m'mphepete mwakuda okumbukira omwalira, amene munthu amangowadutsa osawawerenga. Panja mphepo ya Novembala inamulandira kumaso. Kumudzi unali mtunda wa makilomita asanu ndi limodzi.

Anadutsa nyumba zomaliza. Anadutsa fakitale ya mipando kumene anagwira ntchito zaka makumi atatu, mazenera ake ali pululu. Poyenda ankayesa kuwaikira kumbuyo ana aja: ali ndi zawo, dziko lawo ndi lothamanga, sanamulakwire kanthu. Koma mtima sunamve zimenezo. Zaka khumi ndi zinayi! Munthu ngakhale mmodzi osakoka n'komwe mpando.

Pofika pamlatho anali atatsimikiza. Anaika bokosilo pachitsulo cha m'mbali. Pansi madzi ankalira mumdima. Kungokankha pang'ono, basi, nkhani yatha.

"Nkhosa sizisambira, mnzanga."

Stamen anatembenuka. Kumapeto kwa mlatho, pamalo odikirira basi moyang'anana ndi chipata cha manda, panali nyali imodzi yoyaka. Pansi pake, pabenchi, panakhala bambo wachikulire wa ndevu zoyera zometedwa bwino, atavala suti yakuda, wopanda chikhoti chilichonse m'chisanu chonsecho. Kuti anadziwa bwanji za m'bokosi lotseka, Stamen sanaganizeko nthawi imeneyo.

"Bweretsani kuno tione," anatero bamboyo, akusisita benchi.

"Zimatha maola atatu," Stamen anayankha mowawa, ngati wolavula mankhwala.

"Atatu okha?"

Mawu awiri amenewo ndi amene anamukoka. Anayala thabwa la masewera pabenchi pakati pawo, naimika nkhosa zake pamwamba pa phiri lojambula. Bamboyo anatenga malamulo aja n'kuwawerenga onse, tsamba ndi tsamba, chala chikutsata mzere. Sanadumphe paliponse. Atamaliza anangoti, "Yambani ndinu. Ndinu mwini wake."

Anasewera. Munthuyo ankadziwa kusewera, ankaganiza kaye asanasunthe, ankadandaula mmbulu ukamugwirira nkhosa. Pena anagogoda pathabwa ndi chala.

"Mmbulu wa pampata uwu mwaupatsa mphamvu zambiri. Wotsogola akadutsa, wotsalira alibenso chiyembekezo. Muubweze m'mbuyo malo awiri."

Stamen anayang'anitsitsa. Zinali zoona. Zaka zonsezo ankamva kuti penapake sipali bwino, koma wosewera yekha, dzanja lamanja kulimbana ndi lamanzere, sangaone zotere. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo anaweramitsa mutu kuti mnzakeyo asaione.

Ndi poweramapo pamene anaona nsapato. Bamboyo anali atasanjika mwendo pa unzake, kunsi kwa nsapato kukuonekera. Kunali kosalala, konyezimira. Nsapato zimenezo zinali zisanapondepo pansi.

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Mpweya wa m'kamwa mwake unkatuluka ngati utsi. Wa bamboyo... panalibe.

Stamen anaponya madayisi. Analira pathabwa, gobede gobede. Bamboyo anawatola naponya. Anagubuduka, anagundana, anaima.

Zii.

Kenako fungo. Makandulo ozima kumene. Tirigu wophika wothira shuga, uja amagawa pamanda.

Anasuzumira wotchi. Inali pomwe inali pamene ankakwera mlatho. Agalu a kumudzi, amene sagona, anali chete. Ngakhale mtsinje sunkamvekanso.

"Ndi nthawi yanu, mnzanga."

Miyendo inkamuuza kuti thawa. Koma nkhosa zinali zitatsala pang'ono kufika kuchigwa, ndipo pepala limafuna wosewera mpaka kumapeto. Anakhala. Anasuntha nkhosa, koma inamupulumuka m'dzanja. Inagwa. Bamboyo anaidzutsa, chala chake chinakhudza cha Stamen... Kuzizira kwake! Kunalowa mpaka m'chigongono.

Anaponyanso. Anasunthanso. Nkhosa yomaliza inalowa m'khola.

"Mwandipambana," anatero bamboyo, akumwetulira. "Masewera abwino awa. Pepala lili kuti?"

Stamen anali asanatchulepo za pepala. Analitulutsa m'thumba pamodzi ndi cholembera. Bamboyo analemba mosathamanga, nalipinda, nalibweza.

"Mawa akakukanani, mubwere nazo kuno. Kwathu anthu ndi ambiri, ndipo palibe wothamangira kwina."

Analoza ndi chibwano kuchipata chija.

Stamen anakokolera zonse m'bokosi. Anathamanga! Sanacheuke. Mpaka pakhomo pake sanacheuke, munthu wa mawondo odwala.

Kutacha, mantha anaoneka ngati zopusa. Kutopa, njala, chisanu: munthu angaone zambiri. Pepala linali m'thumba, dzina lili pomwepo, inki yeniyeni. Anabweza mmbulu uja malo awiri, nakwera basi yoyamba.

Anapeza Radostina akukonza mipando. Mayiyo anapukuta manja, nafunyulula pepalalo akumwetulira.

"Ee, amayi avomera?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anamugwira Stamen pamkono, munthu wamkulu ngati ameneyo, n'kutsika naye masitepe mpaka pachitseko chachikulu.

"Mulibe manyazi, bai Stamen? Pamsinkhu wanuwo? Kukopera dzina pachitseko chifukwa cha tebulo?"

Anamenya ndi chikhatho pepala limodzi la m'mphepete mwakuda. Panali chithunzi: ndevu zoyera zometedwa bwino, suti yakuda, kumwetulira komwe kuja. Pansi pake: Zahari Kunev. Zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni.

"Bambo anga amenewa! Msonkhano uno anauyambitsa ndi iwo. Lamulo la pepalali ndi lawo. Ankayendera tebulo lililonse lopanda munthu, kukhala pansi, kusewera mpaka kumapeto kuti wina asapite kwawo ndi pepala loyera. Ndiye inu mukuwatenga..."

Anali atayang'ananso pepala la m'dzanja lake, zilembo zopendekera kumanzere, kamzere kokhota pansi pa dzina. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwalitenga kuti?"

"Anati mmbulu wa pampata uli ndi mphamvu zambiri," Stamen anayankha motsitsa. "Ananena zoona."

Radostina anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la pamtima. Sanamuyang'ane kumaso.

"Oweruza sindingawaonetse zimenezi. Mukudziwa inunso. Tebulo lanu ndapatsa kale ena, ali ndi masewera a makadi, a mphindi khumi." Anayang'ana kumasitepe. "Pepani, bai Stamen. Ndikanakhala ndi nthawi ndikanasewera nanu ndekha."

Stamen anagwedeza mutu. Sanakwiye naye. Mayiyo anali ndi mipando yoti akonze.

Anakweza bokosi lake m'khwapa. Achinyamata anali atayamba kufika, akuseka, akudya banitsa, akumupatsa moni mwaulemu pomudutsa. Tsidya la msewu basi yopita kumudzi inali itaima, chitseko chili chotsegula, dalaivala akumukodola.

Stamen anaidutsa. Analowera njira ya kumlatho, wapansi, mosathamanga.