Kabisiketi Kamodzi Kokha

Phiri la kumunsi kwa mlatho linagumuka m'mawa wa Lachinayi, mvula itakhuthuka masiku angapo osapumira. Matope ndi mitengo zinakwirira msewu wokhawo wopita kutauni, ndipo magetsi anazima nthawi yomweyo. Kumtunda kwa chigwa, kuseri kwa matopewo, kunali nyumba imodzi yokha yokhala ndi anthu, malo osemera mbale zamatabwa a banja la Hatanaka. Mayi Hatanaka, eni ake, anali atalawirira kutauni kukapereka katundu. M'nyumbamo munatsala antchito atatu ndi mwana wamkazi wa mayiwo, Kotone, yemwe anali patchuthi.

Foni ya Kotone inalira mawu akudukaduka.

"Wina asayerekeze kudutsa pamatopepo," anatero mayi ake. "Akuti msewu sautsegula lero, mwina ngakhale mawa. Utsegule bokosi la pangozi lija, anthu asagone ndi njala. Ali m'manja mwako amenewo, wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Kotone, mtima uli m'mwamba.

Komabe pansi pa manthawo panali kachimwemwe kena, chifukwa bokosilo anadzaza ndi iye. Kwathu kuno, kumene nthaka imagwedezeka ndiponso mapiri amagumuka, malo antchito alionse amasunga chakudya chodikira tsiku loipa. Chakudya chakale chitatsala pang'ono kutha nthawi yake, mayi ake anamupatsa Kotone ntchito yogula chatsopano. Mtsikanayu anali wachangu, ndipo kusukulu anazolowera kukhoza. Anazungulira sitolo yonse akutembenuza zitini ndi mapaketi, kuwerenga tsiku lothera ntchito. Mpunga wouma ndi phala lam'mapaketi, zimene zinali m'bokosi lakale, anazisiya poti zina zimafuna madzi, zina sizikhalitsa kwambiri. Anasankha mabisiketi olimba am'zitini ndi buledi wam'zitini. Izi zimatha zaka zambiri, sizifuna moto, sizifuna mbale.

Mayi ake anali atamuuza kuti afunse kaye antchito, ndipo kufunsa anafunsadi. Anaima pakhomo nthawi ya tiyi, nakweza chitini m'mwamba, akumwetulira.

"Ndagula izi. Zili bwino, eti?"

Onse atatu anawerama pang'ono n'kunena kuti zinali bwino kwambiri.

Ine anthu akwathu ndimawakonda, koma ali ndi nthenda imodzi yondinyansa. Munthu amalolera kufa ndi ludzu kusiyana n'kuvutitsa mnzake kuti amutungire madzi. Mukamufunsa pagulu, inu mutagula kale, nkhope ikuwala, mukuganiza kuti angakuyankheni chiyani?

Chimene Kotone sankadziwa n'chakuti Mayi Nogami, amene ankasalaza mbale, tirigu amawawenga. Akangodya kanthu ka tirigu thupi linkatuluka ziwengo, nthawi zina pakhosi pankathina. Anali atangoyamba ntchito miyezi yochepa yapitayo, atavutika nthawi yaitali kuisaka, ndipo ankalera okha mwana wamng'ono. Sanafune kuti abwana awaone ngati munthu wa zovutavuta, choncho nkhaniyi anaisunga mumtima. Masana ankadya kampunga kawo kochokera kunyumba, mwakachetechete, kumapeto kwa benchi. Tsopano m'bokosi lonse lija munalibe kanthu ngakhale kamodzi kopanda tirigu.

Tsiku loyambalo masana aliyense anadya kamba wake. Chakumadzulo Kotone anakoka bokosi pansi pa masitepe, nayamba kugawa.

"Taonani abwana aang'ono," anatero Bambo Ushio, mmisiri wokalamba amene anasema mbale pamalopo kuyambira Kotone asanabadwe. Anagogoda bisiketi patebulo. "Iyi tikaikhomera kudenga ndiye kudontha kuja kwatha."

"Idyani inu, pakamwa pangotanganidwa ndi zina," anawadula Mayi Komori, opaka utoto, amene ankakangana nawo tsiku lililonse ngati anthu apabanja. "Mwana wayesetsa uyu."

Mayi Nogami analandira gawo lawo ndi manja awiri, nathokoza, n'kuliika pambali.

"Ndidya bwino lino. Ndakhuta kwambiri masana."

Usiku onse anagona pa makatoni, atafunda nsalu zokutira katundu. Kutacha mvula inali ikadagwa, ndipo mtsinje unkamveka kulindima kumunsi. Kotone anatsegula zitini za buledi. Mayi Nogami anangomwa madzi, nati m'mawa sakonda kudya. Mabisiketi awo adzulo anali pomwe paja, osakhudzidwa.

Pofika masana mayiwo anali atafooka. Ataimirira kuti akaone ngati foni ingagwire pawindo, anadzandira n'kugwira khoma. Kotone anaona, ndipo mawu a mayi ake anamubwerera: anthu asagone ndi njala. Munthu mmodzi anali atagona nayo kale. Mantha anamugwira, komanso, tinene zoona, anakhumudwa. Ena onse ankalandira chakudya chake, nanga awa akuchinyoza chifukwa chiyani?

Anatenga bisiketi, nakagwada patsogolo pawo.

"Mayi Nogami, idyaniko."

"Zikomo mwanawe, sindikumva njala."

"Mukunama. Mwatsala pang'ono kugwa pompano. Kuyambira dzulo masana simunaike kanthu m'kamwa."

"Ndimatero ine, usadandaule."

"Ndiye kuti ndinagula zoipa," anatero Kotone. "Ingonenani. Amayi akabwera akamva kuti munthu wakomoka ndi njala ine ndilipo, ndidzawauza chiyani?"

"Ayi, si choncho."

"Ndiye idyani. Kamodzi kokha, chonde."

Maso a enawo anali pa awiriwo. Mayi Komori anaikapo lawo, poganiza kuti akuthandiza.

"Idyani, anzanga, mwanayu angalire. Manyazi anapha lambe."

Mayi Nogami anayang'ana bisiketiyo, nayang'ananso mwana wa abwana atagwada, misozi ili m'maso. Anadziuza kuti kachidutswa kamodzi kangowayabwitsa basi, monga zinachitikira ulendo wina. Anabenthula, natafuna, nameza ndi madzi. Kotone atapitiriza kuwayang'anitsitsa, anamaliza yonse.

"Ndi yokoma," anatero.

Kotone anapumira m'mwamba, nabwerera kubokosi lake atapepukidwa. Ankasanja zitini pamene anamva kutsokomola kumbuyo kwake, kouma, kosalekeza. Atacheuka anaona Mayi Nogami akukanda m'khosi. Timatuza tofiira tinali titatuluka m'mikono, tikukwera kumaso. Milomo inali itayamba kutupa.

"Mayi Nogami, chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Chikwama changa, muli mapilitsi."

Mawu awo anatuluka osasa, ngati a munthu wina. Mayi Komori anakhuthula chikwamacho pansi, napeza mapilitsiwo, koma kumeza kunali kovuta, madzi ankabwerera. Mpweya unayamba kulira m'khosi mwawo. Bambo Ushio, nthabwala zonse zitawathera, anawagwirira kumsana.

"Tiuzeni, mayi, ndi chiyani?"

"Tirigu," ananong'ona. "Amandiwenga."

Kotone anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Anayang'ana zitini zake, zonse zolembedwa bwinobwino m'mbali zimene zili mkati. Iye anali atawerenga tsiku lothera ntchito lokha.

"Iwe, usangoima," anatero Mayi Komori. "Imba foni."

Mkati foni sinkagwira. Kotone anathamangira panja opanda nsapato, nakwera pamulu wa matabwa kuseri kwa nyumba, mvula ikumumenya. Zala zinkaterera pafoni. Itagwira, anayankha bambo wina wa ambulansi, wodekha mawu. Anafunsa malo, zaka za wodwala, mmene akupumira.

"Wadya chiyani?"

"Bisiketi."

"Ankadziwa kuti tirigu amamuwenga?"

"Ankadziwa."

"Nanga wadya bwanji?"

Kotone anapukuta madzi a mvula kumaso. Kenaka anati, "Ndawakakamiza ine."

Bamboyo sanamukalipire, analibe nthawi yake. Anamuuza kuti wodwalayo akhale tsonga ngati kugona kukumubanikitsa, asaimirire, asamwenso kanthu, ndipo wina azimuyankhulitsa. Galimoto singadutse. Helikopita inyamuka mitambo ikangotseguka pang'ono pamwamba pa chigwa.

"Itseguka liti?" anafunsa Kotone.

"Zimenezo sindingakulonjeze, mwanawe. Bwerera kwa wodwala."

Kudikira kumeneko Kotone sadzakuiwala. Ankathamanga pakati pa khomo ndi wodwala, kuyang'ana kumwamba, kubwerera, kugwada. Maso a Mayi Nogami anatupa mpaka kutsala timing'alu. Mpweya uliwonse unkalowa movutikira, ndipo pakati pa mpweya ndi mpweya Kotone naye ankasiya kupuma. Anawagwira dzanja, linali lozizira.

"Musagone, chonde. Ndiuzeni za mwana wanu. Dzina lake ndani?"

"Itsuki."

"Ali kuti?"

"Kwa mchemwali wanga."

"Akukudikirani ameneyo. Musagone."

Bambo Ushio anatuluka ndi nsalu yachikasu n'kukaiyala pabwalo loyanikira matabwa kuti a helikopita aone malowo, naipsinja ndi miyala. Anabwera atanyoweratu. Mayi Komori ankasisita msana wa mnzawo uku akudzitukwana chapansipansi chifukwa cha mwambi wawo uja.

Mvula inayamba kuchepa. Kenaka, kutali, kunamveka kugunda kumene sikunali kwa mtsinje. Anthu awiri ovala zisoti anatsika pachingwe kuchokera m'helikopita, ndipo mmodzi asanafunse zambiri anabaya Mayi Nogami jakisoni pantchafu. Posakhalitsa kulira kwa m'khosi kuja kunayamba kuchepa. Anawamangirira pamachira. Akuwatulutsa pakhomo, mayiwo anatembenuzira mutu kwa Kotone, milomo yotupayo ikuyenda. Kotone anawerama kuti amve.

"Pepani, ndakuvutitsani. Muwauze amayi anu kuti ndapepesa."

Mawu amenewo anamupweteka Kotone kuposa mbama. Munthu watsala pang'ono kufa ndi chakudya chimene iye anagula, chimene iye anamuika m'manja, ndipo wopepesa ndi yemweyo. Helikopita itazimiririka kuseri kwa phiri, anakhala pakhonde n'kulira mokweza ngati kamwana. Palibe anamuletsa.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali mayi ake, ali kuchipatala.

"Akupuma bwino tsopano. Adokotala akuti akanachedwa pang'ono zikanakhala zina." Kenaka anati, "Inenso ndinalakwa, ndinamulemba ntchito osamufunsa. Koma iwe, ndinati ufunse anthu."

"Ndinafunsa, amayi."

"Unafunsa kapena unawaonetsa?"

Kotone anatsitsa foni. Msewu unali usanatsegukebe, ndipo anthu awiri anali akadali m'manja mwake. Anapukuta m'maso nalowa m'nyumba. Ulendo uno sanaime pakhomo. Anapita kwa Mayi Komori, amene ankatsuka makapu paokha, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mayi Komori, pali chimene thupi lanu limakana?"

"Ine? Nkhanu zokha, ndipo m'zitini zakozo mulibe. Pita kwa madala awo."

Bambo Ushio anali pampando wawo wosemera, atafunda nsalu, akuyang'ana pansi. Kotone anakoka kampando n'kukhala pambali pawo.

"Nanga inu, pali chimene simungadye?"

"Ine ndimadya chilichonse, abwana aang'ono. Ngakhale utuchi uwu, bola mchere."

Kotone sanaseke, komanso sananyamuke. Anangokhala, manja ali pamaondo. Madalawo anayang'ana kudenga, anakanda m'mutu, anatsokomola. Mtsikanayo anali pomwepo.

"Mwana iwe ndiwe nkhupakupa," anadandaula.

Anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, natulutsa bisiketi. Anapisanso, natulutsa ina. Anapita kuthumba linalo. Pathabwa panaunjikana mabisiketi onse amene Kotone anawapatsa kuyambira dzulo, ena ali ndi kachizindikiro pakona pamene anayesa kuluma.

"Mano anga oikirira ndinawaiwala kunyumba, m'kapu," anatero, osamuyang'ana. "Kabuledi kam'mawa kaja ndi komwe kandisunga."

Kotone anayang'ana mulu uja. Anaimirira, natenga mbale imodzi mwa zomwe madalawo anasema okha, naphwanyiramo mabisiketi, nathira madzi n'kudikira kuti afewe. Atafewa anawapatsa ndi supuni.

"Mukanandiuza dzulo," anatero.

Bambo Ushio anameza supuni yoyamba.

"Dzulo unali wosangalala kwambiri, mwanawe. Ndikanayamba bwanji?"