Nambala ya Ilda

Ilda anali atakhala pa thumba la nyemba pa paraji ya Mandimba, pomwe anthu amadikirira mashapa, timabasi topita ku Cuamba. Ankazimitsa foni n'kuiyatsanso, kuzimitsa n'kuiyatsanso, koma sinkagwira. Misozi inali italengeza m'maso.

"Mana, chemwali, foniyo yakulakwirani chiyani kuti muziizunza chonchi?"

Anatukula mutu. Panaima mnyamata wamtali, malaya oyera osita bwino, chikwama cha kompyuta paphewa. Fumbi lonse la Mandimba linkaoneka ngati likumuopa.

"Anditsekera nambala," anatero Ilda. "Akuti kakhadi kam'foni kanalembedwa dzina la bambo anga, ndipo bambowo anamwalira. Akufuna bilyeti yanga. Ine chiphasocho sichinatulukebe, ndili ndi kapepala kodikirira basi."

"Ndiye mpaka kulira? Chibwenzi chidikira."

"Si chibwenzi! Ndi ntchito!"

Mnyamatayo anati dzina lake ndi Edgar, ndipo anakhala pansi osaitanidwa. Ilda anafotokoza. Kwawo ku Massangulo, m'boma la Ngauma, amayi olima nyemba ndi nandolo ankaberedwa ndi ogula oyenda ndi masikelo onama. Iye anayamba kuimbira ogula a ku Cuamba, kufunsa mitengo, n'kusankha woona mtima. Akatero ankatumiza uthenga wa mawu ku foni ya mayi Jacinta, mtsogoleri wa gulu la amayiwo. Ambiri sankadziwa kuwerenga, koma mawu a Ilda ankawadziwa. Lamulo lawo linali limodzi: thumba lisakwere galimoto mpaka Ilda atalankhula. Akalankhula, ankakweza popanda kulandira kanthu m'manja, ndalama n'kubwera pambuyo kudzera pa foni.

Edgar anamvetsera kukamwa kuli yasaa.

"Mukudziwa kuti muli ndi kampani inu? Ine ntchito yanga n'kulangiza achinyamata oyambitsa malonda a pa foni ndi pa kompyuta. Sindinaonepo wofika pamene mwafika inu. Tiyeni, bilyeti yanga ndili nayo. Tikalembetse nambala ina m'dzina langa, inu muzigwiritsa ntchito."

"Mungandichitire zimenezo osandidziwa?"

"Dzina langa ndikubwerekani lero. Mwina tsiku lina mudzalitenga lonse."

Ilda anaseka, misozi isanaume. Ndani akanakana? Mlungu wotsatirawo anayenda panjinga mudzi ndi mudzi, kuuza amayi ndi ogula nambala yatsopano.

Kampani ya Edgar ku Cuamba inali chipinda chimodzi, mipando itatu ndi chikwangwani chofufuma ndi dzuwa. Koma pakamwa pokha mnyamatayo anali wolemera. Mauthenga ankagwa m'foni ya Ilda ngati mvula ya Januwale.

"Duwa langa la ku Ngauma, wadzuka bwanji? Cuamba yense akundiwawa popanda iwe."

"Amori, ndadya koma sindinakhute. Ndikufuna mawu ako."

"Nandolo akatha ndidzatuma amalume kwanu kudzafunsira mbeta. Ndalumbira!"

Ilda ankawerenga n'kubisa nkhope m'chitenje. Mayi Jacinta ankamuseka. "Iwe mwana, mitengo ya nyemba ndi imene ikukumwetulitsa choncho? Tiuzeko nafe timwetulire!"

Zoona zinenedwe, Edgar anamuphunzitsa zambiri. Anamuonetsa kaikidwe ka magulu a amayi m'foni, mudzi uliwonse pawokha. Anamuuza kuti azitengako kangachepe pa thumba lililonse, osamangogwira ntchito ya zikomo. Magulu anachuluka mpaka kufupi ndi Mandimba. Nthawi zonse Ilda akapita ku Cuamba ankamusiyira Edgar gawo lake la ulangizi, monga anapanganirana.

Chimene sankadziwa poyamba n'chakuti gawo lakelo ndi lokhalo limene linkalowa pakhomo paja.

Achinyamata ankabwera ndithu. Wina ankafuna foni izionetsa pamene shapa yafika. Wina ankafuna kugulitsa nsomba za ku Amaramba pa intaneti. Ankakhala tsiku lonse, kutchaja mafoni awo pa magetsi a Edgar, kumvera malangizo, n'kuchoka akuti, "Zikayenda tidzakukumbukirani, achimwene." Sizinkayenda. Bungwe lina la ku Nampula limene linalonjeza thandizo linasiya kuyankha. Mwini nyumba anayamba kubwera m'mawa, osapereka ndi moni womwe.

Tsiku lina masana Ilda anapeza Edgar atagwira mutu.

"Chavuta n'chiyani, wanga?"

"Mwezi uno zolowa sizikukwanira ndi magetsi omwe. Ndimaphunzitsa anthu kupanga phindu, ine ndemwe ndikudya ngongole. Bambo anagulitsa munda wa fodya kuti ndikaphunzire ku Nampula. Ndikatseka pano ndikawauza chiyani?"

Ilda anamugwira dzanja. "Nandolo ali pafupi. Chaka chino alipo wambiri. Pirira pang'ono."

"Iwe ndiwe mpweya wanga, Ilda. Popanda iwe ndine mtembo woyenda."

Kenaka nkhope ya Edgar inawala. Anatsegula kompyuta.

"Tamvera. Magulu achuluka, ukutopa n'kulankhula. Tijambule mawu ako kamodzi, tizingotumiza kulikonse. Ukadzadwala, ntchito isadzaime."

"Koma mtengo umasintha. Ine ndimawauza mtengo ndi dzina la wogula."

"Usatchule. Ungoti ndi wabwino. N'zoyeserera chabe, amori."

Ilda anayandikira kompyutayo. Akuyamba kulankhula, Edgar ankamugirigisha khutu ndi cholembera. Anayesa kudziletsa, koma pomaliza anaphulika n'kuseka. Anasekera limodzi mpaka misozi. Mawuwo sanawatumize kulikonse, ndipo Ilda anaiwala zoti anajambulidwa.

Nandolo anauma, amayi anapuntha, matumba anadzaza m'makonde. Mitengo ku Cuamba inali ikukwera, choncho Ilda anawauza kuti adikire kaye. Panali wogula wina wamkulu, bambo Sulemane, amene ankamuumiriza kuti amupatse nandolo yense wa magulu ake. Mtengo wawo unali wotsika kwambiri, ndipo Ilda anakana kawiri konse.

Lachinayi m'mawa foni yake inafa. Inafa ngati tsiku lija ku Mandimba.

Anathamangira kwa mphunzitsi woyandikana naye, nabwereka foni.

"Edgar! Nambala yatsekedwanso! Nthawi yake ino?"

"Usalire, duwa langa. N'zakukampani ya mafoni izo. Bwera mawa ku Cuamba ndi kakhadiko, tikakonze limodzi. Ndakusowanso, bwera."

Lachisanu anakwera shapa. Atafika pa Mandimba anaona lole yaikulu yopanda katundu ikulowera msewu wa ku Ngauma. Fumbi lake linamulowa m'maso, iye n'kungopukuta. Akanadziwa! Shapa yachiwiri inafa panjira, moti anafika ku Cuamba kutada n'kukagona kwa azakhali ake.

Loweruka m'mawa anapeza Edgar ali pa makwerero, akupaka utoto watsopano pachikwangwani. M'kati munali mipando yatsopano yapulasitiki. Mwini nyumba uja anadutsa n'kupereka moni wansangala.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Ilda. "A ku Nampula ayankha?"

Edgar anatsika pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane kumaso.

"Lowa, amori. Tikhale pansi."

"Tiye kaye tikakonze nambala. Amayi akudikira."

"Nambalayo ilibe vuto."

"Ukuti chiyani?"

"Ndinakanena kuti kakhadi kanatayika. Anandipatsa kena. Ndi m'dzina langa, sanafunse zambiri." "Ndagulitsa, Ilda. Kwa bambo Sulemane. Nambala, magulu onse, zonse."

Ilda anamuyang'anitsitsa.

"Wagulitsa nambala yanga?"

"Mwini nyumba akanandikhomera pano Lolemba! Ukanafuna ndikagone pa siteshoni ya sitima? Tamvera, tsopano kampani yapuma. Ndalipira nyumba mpaka chaka chamawa. Tikwatirana, udzakhala pano, tidzayambitsa china chachikulu kuposa chija."

"Amayi aja sangakweze kanthu. Sadziwa Sulemane. Amadikira mawu anga."

Edgar anayang'ana pansi. Utoto unkadontha kuchoka pa bulashi n'kugwera pa nsapato yake.

Apo m'pamene Ilda anakumbukira cholembera chija pakhutu.

"Ayi. Edgar, ayi! Usandiuze kuti..."

"Popanda mawuwo sakanagula. Nambala yokha inalibe mtengo."

"Lole ndinakumana nayo pa Mandimba ija?"

"Akukweza m'mawa uno."

"Ndiye unandiitana kuti ndichokeko! Unati wandisowa!"

"Kukusowa ndinakusowadi. Ndimakukonda, Ilda, Mulungu akudziwa. N'zamalonda chabe izi. Nandolo amamera chaka chilichonse."

"Nandolo amamera. Nanga dzina langa limera?"

Ilda anam'tsomphola foni m'thumba la malaya n'kuimba nambala ya mayi Jacinta. Sinalowe. Anaimbanso, sinalowe. Kumudzi kwa mayi Jacinta foni imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha, ndipo iwo ankakwerapo kamodzi, m'mawa. Ilda anaponya foniyo pa mpando watsopano n'kutuluka.

"Duwa langa, dikira!"

Sanacheuke. Shapa ya ku Mandimba inachedwa kudzaza, ndipo kumeneko anapeza za ku Ngauma zitapita kale. Njira yonse ankapemphera chinthu chimodzi: lole ife, tayala liphulike, mvula igwe ngakhale si nthawi yake. Kodi Mulungu samva pemphero la munthu wopusa?

Anafika ku Massangulo Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi cha mishoni. Makonde amene anadutsa anali opanda kanthu. Pansi panali mizere ya matayala aakulu ndi timbewu ta nandolo totayika, nkhuku zikutola.

Amayi atamuona anayamba nthungululu.

"Wafika mwana wathu! Wafika!"

Mayi Jacinta anamukumbatira, thukuta ndi chimwemwe zili kumaso.

"Takweza zonse, mwanawe, ngakhale thumba limodzi silinatsale! A ku Mandimba nawonso akweza. Woyendetsa anati mtengo utiuza ndiwe. Ine ndauza kale a sukulu kuti ya mayeso a mwana ndipereka mlungu uno. Tiuze, wagwirizana nawo zingati?"

Amayi anamuzungulira Ilda, ena ana ali kumsana, onse akumwetulira. Analipo amene anakana ogula a masikelo pakhomo pawo, ana akulira njala, chifukwa Ilda anati dikirani.

"Mayi," anatero Ilda movutika, "uthengawo... sindinatumize ine."

"Iii, nthabwala zako! Si iwe uyu?"

Mayi Jacinta anamasula foni pa mfundo ya chitenje, nakweza m'mwamba kuti onse amve, monga ankachitira nthawi zonse.

"Amayi anga, ndine Ilda wanu. Galimoto ikubwera mawa. Kwezani matumba onse, mtengo ndi wabwino, musade nkhawa. Mukundidziwa, sindingakunamizeni."

Kenaka panamveka kuseka. Kuseka kwa mtsikana wokondwa, wopanda nkhawa ndi kanthu kalikonse padziko, mpaka mawu anadukira pomwepo.

"Wamva?" anatero mayi Jacinta. "Ena ankakayika poti sunatchule mtengo. Ine ndinati, tamverani mmene akusekeramo mwanayu. Munthu angaseke chonchi mtengo uli woipa? Pamenepo m'pamene tonse tinayamba kunyamula."

Ilda anagwada pafumbi, pamaso pa amayi onse aja, n'kuyamba kulira mokweza.

Nthungululu zinaleka. Mayi Jacinta anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Ilda," anatero ndi mawu otsika, "nandolo wathu wapita kuti?"