Kukwera Nyamhute Chafutambuyo

Chimene chinachotsa anthu atatu ku Mufakose, dera la mu Halale, m'chaka cha 1975, nkhondo itavuta kum'mawa, chinali duku lakuda. Effie anali atalivala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, chimwalirireni mwamuna wake Laston. Laston anafera panjira mu 1948, akubwera wapansi kuchokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito ku Halale, ndipo anaikidwa pa phiri la Nyamhute, cha ku Inyanga. Effie anabwera pambuyo pake n'kumagulitsa ndiwo zamasamba pamsika, koma manda a mwamuna wake sanawaonepo.

Kenaka kunabwera Augusto, bambo wa ku Tete wokhoma zidebe ku Epworth, amenenso mkazi wake anamwalira. Anagula mpiru kwa Effie miyezi isanu ndi itatu asananene chimene ankafuna, mpaka anansi ake anatopa ndi kugawiridwa mpiru. Effie analola, abusa n'kuika tsiku la ukwati, Loweruka la sabata yachiwiri. Koma Effie ananenetsa kuti duku sadzavulira ku Mufakose. Ankafuna kuti wachibale wa Laston akamusudzule pamanda pomwepo, mwiniwake akumva. Popanda zimenezo, ukwati panalibe.

Wachibale yekhayo m'dziko lonse la Rhodesia anali Alufandika, mkulu wake wa Laston, mlonda pa fakitale ina ya misomali ku Workington. Ndiye anali ndi Laston pa ulendo uja ndipo ndiye anamuika. Munthu ameneyu phiri la Nyamhute ankalidziwa ndi pakamwa. Pamaliro, paukwati, ngakhale pamzere wodikira basi, ankatambasula dzanja n'kumawerenga zizindikiro za njira: mwala wong'ambika kumanja, mathithi kumanzere, phanga la mwaye kumanja, mkuyu wa mathunthu atatu kumanzere. Ana a ku Mufakose ankaziimba posewera. Effie yekha ndiye anaona kuti mlamu wakeyo ankayambira pa chala cholozera nthawi zonse, chala chachikulu atachipinda m'manja.

Ananyamuka Lachisanu m'mawa pa basi ya ku Rusape. Alufandika anavala jasi lake laulonda ndi wezulo m'khosi. Augusto anasenza chidebe chatsopano chokhoma yekha, m'katimo muli malofu atatu a buledi, mbatata zophika, ketulo ndi mabulangete. Panjira asilikali anaimitsa basi n'kufuna zitupa. Mmodzi anafunsa Effie kumene ankapita, iye n'kuyankha kuti kumaliro. Atafunsidwa kuti malemuwo amwalira liti, anati 1948. Msilikaliyo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumubwezera chitupa, amvekere mwachedwa kwambiri amayi.

Anagona pa komboni ya ocheka matabwa m'tsinde mwa phirilo, kwa anthu a ku Dedza. Kutacha, Nyamhute anaonekera yense. Kumunsi kunali mitengo ya paini yobzalidwa m'mizere, pakati nkhalango yakuda bii ya mitengo yachilengedwe, ndipo pamwamba panali nsonga ziwiri zokhala ndi mpata pakati, nkhungu itakhazikika pamenepo. Kapitawo wa pakomboni anafuna kuwalongosolera njira, koma Alufandika anamudula, nati phirilo analiyenda kapitawoyo asanamere mano. Kapitawo anangowachenjeza kuti pofika sikisi koloko asapezeke panjira, chifukwa asilikali sankafunsa dzina nthawi imeneyo ikakwana.

Mkuyu wa mathunthu atatu anaupeza mosavuta, pamene njira inagawanika pawiri. Alufandika anauomba ndi chikhatho ngati mnzake wakale, n'kulamula kuti ausiye kumanzere. Anatero, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kufunafuna mwala wong'ambika, poti ndiwo unali woyamba pa zala zake.

Vuto n'lakuti phiri limenelo mwala uliwonse ndi wong'ambika. Alufandika anapeza woyamba n'kuliza wezulo. Atayenda pang'ono anapeza wina wong'ambika bwino kuposa uja, n'kunena kuti woyambawo anangofuna kuwayesa. Pofika masana anali atapeza isanu ndi umodzi. Njira inawalowetsa m'munda wa paini momwe mtengo uliwonse unali chimodzimodzi ndi unzake, kenaka inawatayira m'dambo lamatope, momwe nsapato imodzi ya Augusto inatsalira mpaka lero.

Atakhala pansi kuti adye, anyani anatsika m'mitengo. Alufandika anaimirira n'kuwalizira wezulo monga amachitira ndi akuba ku Workington. Nyani wamkulu anakhala pansi kumvetsera bwinobwino, anzake akutulutsa buledi m'chidebe kumbuyo. Augusto pothamangitsa buledi wake anaima pa mzere wa linthumbu, ndipo zinamutengera kanthawi kuti azindikire. Anavina gule amene ku Tete kulibe, n'kuthawira kuseri kwa chitsamba buluku lili m'manja, uku akupepesa kwa Effie kuti asayang'ane. Effie anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Dzuwa litapendeka, anatulukira pa mtengo waukulu wa mathunthu atatu. Alufandika ananena kuti umenewu ndi mkuyu wina, mng'ono wake wa uja. Koma pansi pake panali makoko a mbatata amene Augusto anataya m'mawa. Safunsa anadya phula, ndipo atatuwo anabwerera ku komboni mwakachetechete, kapitawo n'kuwapatsa malo osanena kanthu, chimene chinamupweteka Alufandika kuposa kusekedwa.

M'mawa mwake anaimanso pa mkuyu uja. Tsikulo linali lomaliza, chifukwa Lolemba Alufandika ankayenera kukhala pa geti la fakitale. Augusto anali atamanga phazi lake ndi chiguduli ndi waya, nkhope ili yakugwa, poona kuti ukwati wake ukuthera m'matope. Effie anayang'ana mtengowo, n'kuyang'ana mlamu wake.

"Alamu, phiri lino munalikwerapo kangati?"

Alufandika anakonza jasi, n'kuyamba kunena za ukulu wa ulendo wa 1948. Effie anabwerezanso funso lomwelo.

"Kulikwera kuchokera mbali ino sindinalikwerepo," anatero Alufandika motsitsa mawu. "Ndinangolitsika, kamodzi. Kumudzi sindinabwererekonso."

Mpamene zinadziwika. Njira imene ankaiimba zaka zonsezo inali ya munthu wochokera kumpoto akutsikira ku Halale. Matchona ambiri anali otero: njira yobwerera kwawo sankaidziwa, chifukwa sanaiyendepo. Effie anamuuza kuti angotembenuza, za kumanja zikhale kumanzere ndipo chomaliza chikhale choyamba. Alufandika anayesa. Anatambasula manja onse awiri, anawapingasa, anatembenuka kawiri, mpaka analoza kumwamba. Mutu wake unali wa njira imodzi basi, ndipo maso ake sankazindikira chinthu akachiona kuchokera mbali ina.

Nzeru inachokera kwa Augusto, munthu wozolowera kukonza zinthu zopindika. Anati ngati maso a bambo Alufandika amadziwa phirilo akuyang'ana kumunsi, ndiye ayang'ane kumunsi komweko, miyendo yokha ndiyo ipite kumtunda. Anamutembenuza kuti apenye kuchigwa. Alufandika anangoti maso tong'o. Mkuyu unali kumanzere kwake ndendende, ndipo njira yoona inali inayo, imene dzulo lake anaikana.

Anayamba kukwera motero. Augusto anali patsogolo atagwira lamba wa jasi n'kumakoka, akuchenjeza za mizu ndi miyala. Alufandika ankabwera chafutambuyo, akukweza mapazi ngati tambala woyenda m'madzi. Effie anali pambuyo atasenza chidebe, maso ndi maso ndi mlamu wake, akuwerenga zizindikiro kuyambira ku chala chaching'ono.

Anasiya paini n'kulowa m'nkhalango yeniyeni, momwe mitengo inali yaitali yovala ndere, pansi pali chinyezi ndi fungo la masamba owola. Alufandika anagwa chagada katatu, kawiri pamwamba pa Augusto. Koma dzuwa lisanafike pamutu anafuula kuti aime. Kumanja kwake kunali phanga lobisika ndi ziyangoyango, denga lake lakuda ndi mwaye wa moto wa apaulendo akale. Munthu wokwera chakutsogolo akanalipitirira osaliona. Nthawi imeneyi wezulo sanalize.

Kumtunda kwa phangalo nkhungu inawatsekera, kamvula kowaza n'kuyamba. Sankaona ngakhale mikono isanu. Alufandika anati zimenezo zilibe kanthu, mathithi sanawaone ndi maso ngakhale kale, anangowamva ndi khutu lamanzere. Anapitiriza kukwera mpaka mkokomo wa madzi unamveka, ndipo unalowera khutu lomwelo.

Ali pamenepo, m'nkhungumo munatuluka amuna awiri a mfuti, ovala zosiyanasiyana, a nkhondo ya m'tchire. Effie ndi Augusto anauma. Alufandika yekha ndiye sanawaone, popeza anali atawafulatira, ndipo anapitiriza kubwerera m'mbuyo akukalipira Augusto kuti waimiranji, mpaka msana wake unagunda pamfuti. Wamkulu wa awiriwo anafunsa m'Chishona ngati ameneyu anali sing'anga kapena wamisala. Effie anafotokoza zonse, kuyambira pa duku mpaka pa nsapato. Munthuyo anayesa kuumitsa nkhope koma analephera. Anati asilikali akadzaona mapazi amenewa adzakangana sabata yathunthu kuti anthuwa ankakwera kapena ankatsika.

Atamva za manda, anasiya kuseka. Anati pampata pali mulu wa miyala umene aliyense amautchula kuti pa Mubhurandaya, dzina limene Ashona ankaitanira anthu a ku Nyasalande. Aliyense wodutsa amaponyapo mwala, ndipo iwo omwe nkhungu ikawasokoneza amafuna mulu umenewo kuti adziwe kumene ali. Anatenga mbatata ziwiri, n'kuzimiririka m'nkhungu muja.

Mwala wong'ambika unalidi wong'ambika. Unali waukulu kuposa nyumba ya ku Mufakose, wogawanika pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi, kamtengo katamera mumng'alumo. Alufandika anauona kumanja kwake ndipo sananyade n'komwe. Mapazi ake anayamba kulemera. Effie, amene ankamuona nkhope, anaona kuti madzi otsika m'masaya mwake sanali a mvula okha.

Alufandika anawauza zonse akuyenda chafutambuyo chomwecho, osayang'ana munthu. Laston anadwala malungo atawoloka Zambezi, ndipo iye anamubereka kumsana masiku awiri mpaka pampatapo. Anakumba ndi chikwanje ndi manja, dzenje losafika m'chiuno, n'kuikapo miyala isanu ndi iwiri yokha chifukwa anzake a paulendo ankamusiya. Anatsika phirilo akuthamanga, osacheuka. Zaka zonsezi ankaopa kuti afisi anafukula mng'ono wake usiku womwewo, ndipo n'chifukwa chake sankafuna kubwerako.

Augusto anasiya kukoka lamba, n'kumugwira mapewa ndi kumutembenuza.

Muluwo unali wautali kuposa munthu. Miyala ina inali yakale yomera ndere, ina yoikidwa chaka chomwecho. Panalibe fisi amene akanaufukula. Nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo kuseri kwa mpatawo dziko linatambasuka kumpoto, zigwa ndi mapiri mpaka kumene maso analekezera. Alufandika anayang'ana mbali imeneyo koyamba chichokereni kwawo. Anavula chipewa n'kugwada.

"Laston, ndine mkulu wako. Ndachedwa, ndikudziwa. Mlamu wakulira mokwanira, ndipo ine m'malo mwa abale onse ndikumumasula. Bambo aima apawa ndi a ku Tete, koma ndi munthu."

Effie anamasula duku, analipinda bwinobwino, n'kuliika pa mulu. Analankhula ndi mwamuna wake motsitsa, mawu amene enawo sanawamve ndipo sanafunse. Augusto anapita kukasankha mwala waukulu kuposa mphamvu zake, anabwera nawo akudzandira ndi phazi lake la chiguduli, n'kuutsamiritsa pa dukulo. Anaomba m'manja katatu, nati achimwene musadandaule, ndisamala. Atadzuka anaona mutu wa Effie koyamba, uli mbuu ndi imvi. Anafunsa ngati zonsezi ankamubisira dala. Effie anati akafuna kubweza katundu abweze pompano, mwini wake ali pafupi. Augusto anati wanyamula kale.

Kutsika kunali kosavuta. Alufandika anali patsogolo, nkhope kutsogolo ngati munthu, ndipo sanaphonye ngakhale mphambano imodzi. Anadutsa mkuyu sikisi koloko isanakwane.

Ukwati unachitika Loweruka lomwe abusa ananena. Effie anavala duku la maluwa achikasu, Augusto nsapato zobwereka. Nkhani ya kukwera chafutambuyo inali itafika kale mpaka ku Epworth, ndipo ana a ku Mufakose anayenda chobwerera m'mbuyo mwezi wathunthu, akugwera m'ngalande. Pamadyerero anthu anamuzungulira Alufandika kuti awawerengere njira ya Nyamhute, ena akuyamba kale kuimba za mwala wong'ambika. Iye anawaletsa ndi dzanja. Anati akhala akuwaphunzitsa molakwika, zizindikirozo si zinayi. Anatambasula chala chachikulu chija, chimene chinakhala chopinda zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

"Muziyambira pa Laston," anatero.