Masamba Pamsewu wa ku Tsangano

Pakhomo pa a Yoramu Sungani ku Tsangano panali mtendere, mbatata ya kachewere yokwanira chaka chonse, ndi gitala yofiira yopachika pakhoma. A Sungani ndiwo adayambitsa bandi yoyamba ya dansi m'dera lonselo atabwerako ku migodi ya ku Joni. Atakalamba adakhala mkulu wa mpingo.

Mwana wawo wotsiriza, Dyton, adatengera zala za bambo ake.

"Imba, sindikukuletsa," ankatero a Sungani. "Koma anzanga onse a m'bandi ija adatha ndi mowa. Ndidatsala ndekha."

Kunena zoona, mkuluyo ankaonjeza kupanikiza. Sankalola mnyamatayo kukaimba ngakhale paukwati wa mbale wake. N'chifukwa chake Fanizo, mwini bandi ina ya ku Manjawira, sadavutike kumukopa.

"Aise, luso lonseli ukungosangalatsa nalo nkhuku za mdala? Tenga chida tizipita. Chisankho chayandikira, misonkhano ili mbwee!"

Dyton adaba gitala ija Lamulungu, makolo ali kutchalitchi.

Patatha miyezi iwiri mayi ake, Aida, adamulondola ku Manjawira. Adamupeza masana akununkha kachasu.

"Mwanawe, bambo ako sakudzuka. Za gitala sakufunsa ayi, akungotchula dzina lako."

"Kazipitani amayi, ndibwera ikatha kampeni."

Sadapite. Tsiku lina lole idanyamula bandi yonse kukakometsa msonkhano ku Tsangano komweko. Ankaimba pamwamba pa lole, jenereta ikulira, Dyton ataledzera kale. Kumtunda kuja adalowa m'chifunga chochindikala, ngakhale kunali masana. Kenako adaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Ngakhale mwana amadziwa kuti chimenecho n'chizindikiro cha maliro: wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wailesi imazimitsidwa.

Edson, woimba ng'oma, adaika timitengo take pansi. "Zimitsani, anthuni."

"Wakufa savota!" adaseka Fanizo. "Dyton, kwanu kuno. Aonetse!"

Dyton adakweza mawu a sipika, n'kuyamba nyimbo yakale ya bambo ake, yomwe anthu a m'deralo ankavina ali anyamata.

M'chifungamo mudatuluka amayi a Mvano ovala zoyera, kenako bokosi pamapewa a amuna. Nyimbo yawo ya maliro idadukira pakati. Palibe adakalipa. Onse adangoima chilili, maso ali pa iye. Pambuyo pa bokosi panali mayi ake, atagwiriziridwa ndi amayi awiri.

Dyton adadumpha pansi gitala ili m'khosi. "Amayi!"

"Maliza nyimboyo," adatero Aida motsitsa mawu. "Wawayimbira bwino bambo ako."

Achibale sadamulole kufika kumanda.

Kuyambira tsikulo, akangokhudza nsambo za gitala amamva azimayi akulira maliro, pomwe ena onse sakumva kanthu. Ena amati ndi mzimu wa a Sungani. Abusa amati ndi chikumbumtima, anamwino amati ndi kachasu. Mwina onsewo akunena zoona. Lero Dyton amakhala kuseri kwa msika wa Tsangano, zala zili m'makutu.

Achinyamata, luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo makolo nawonso amalakwitsa. Koma kuba ndi kuledzera zimagonthetsa mtima. Kholo likakuitanani lili pamphasa, nyamukani tsiku lomwelo.