Mluzu wa pa Uzimba

Pakhomo pa a Kuuire, kufupi ndi tawuni ya Nandom, panali pa mtendere. Iwo anali mlenje wa uta, akazi awo a Yuora ankaweta nkhanga, ndipo Lamulungu ankatsogozana kutchalitchi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Beyuo. Mnyamatayu dzanja lolasa anali nalo, koma kutsata mapazi a nyama padzuwa kunkamugwetsa ulesi.

Amene anamusokoneza ndi Suglo, mnzake wokonza mafoni kumsika. Anamuonetsa maphunziro olipira a pa intaneti, momwe mzungu wina wandevu ankaphunzitsa kulasa agwape.

"Madala akowo akuphunzitsa mpaka umere imvi," anatero Suglo. "Uyu n'kanthawi kochepa, watha. Ndalama? Nkhanga za masteni zadzaza bwalo, aziwerenga ndani?"

Nkhanga zinayamba kusowa. Poyamba a Yuora ankanamizira agalu, kenako anasiya, n'kumangomuyang'ana mwanayo mwachisoni. Tsiku lina bambo ake anamupeza kuseri kwa nyumba atavala malaya a mawangamawanga, akuyeserera kubisala, ndipo anamufunsa ngati mphunzitsi wakeyo anamuuzako za mluzu. Kwathu pa uzimba timayenda motambalala mu udzu wobisa munthu, ndipo mivi yathu timaipaka ulembe, mankhwala akupha msanga. Choncho usanakoke uta umayamba waimba mluzu, ndipo ngati kutsogoloko kuli munthu, amayankha. Beyuo anaseka, ati mlenje weniweni sachita phokoso.

"Mwanawe, mzunguyo amasaka yekha m'nkhalango mwake," anatero a Kuuire. "Ife timasaka ndi abale. Ndikaimba, uziyankha."

Tsiku la uzimba anamuuza kuti aziyenda pambuyo pawo. Tisanafike n'kudambo komwe, mnyamata uja anali atazemba. Tinaganiza kuti wabwerera kukagwirana ndi foni yake, ndipo ena tinaseka. Ine, mlenje mnzawo, ndinali kumanzere kwa a Kuuire pamene udzu unagwedera m'mbali mwa khwawa. Anaima, n'kuimba mluzu. Kunali zii. Anaimbanso motalika, akumvetsera. Palibe anayankha. Udzu uja utagwederanso, anakoka uta.

Kulira kumene kunamveka sikunali kwa gwape.

Tinamupeza Beyuo chogwada, malaya ake akufanana ndi udzu, muvi uli pansi pa phewa. A Kuuire anauzula, n'kuthira mankhwala amene amayenda nawo. Tinamukweza pa njinga yamoto, ine ndikuyendetsa, iwo atamufungata kumbuyo. Njira yonse ankangomufunsa ngati mwina mphepo inatenga mluzu uja. Ndikhulupirira ankafuna kumva kuti inde.

"Ndinamva, bambo," anatero Beyuo chapansipansi. "Konse kuwiri. Gwape anali pafupi, ndimafuna ndiyambe ndine kulasa, muone."

Anatisiya denga la chipatala tikuliona. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira kuti bamboyo anapitiriza kumulankhula mpaka pachipata.

Inu achinyamata, kuphunzira kwa anthu akutali si tchimo, ndipo zina zimene amaphunzitsa n'zoona kwawoko. Tchimo ndi kuba kuti ulipire mlendo, kenako n'kunyoza kholo limene likudziwa tchire lomwe ukalowe. Kunyada kumatseka makutu, ndipo amene amatsala akulira ndi yemwe anakuchenjeza.