Mkanda wa pa Jenereta Yofiira

Nazih Derbas ananyamuka pamsika wa ku Halba anthu atatuluka kale mumzikiti pa pemphero lomaliza, ndipo kuchedwako anachita kufuna. Katundu watsopano sulowa naye m'mudzi dzuwa likuswa mtengo, aliyense akumudya ndi maso. Si diso la munthu wanjiru kodi linagubuduza galimoto ya mlamu wake itangotha masiku atatu? Ndiye jenereta yakeyo anaikweza pa wilibala yobwereka, kuifunditsa chiguduli, n'kuyamba kukankha ulendo wa kumudzi.

Chimwemwe chinali chodzadza tsaya. Miyezi isanu ndi itatu chitsegulireni galaja yake pansi pa nyumba, mawaya a magetsi anali asanafikeko. Ankakonza galimoto za anthu tochi ili kukamwa, matayala kupopa ndi mwendo, makaniko wamkulu ndithu kuchita ngati wokonza njinga. Lero zimenezo zatha!

Kusankha kwake sikunali kwa masewera. Yaikulu ya dizilo, atangomva mtengo anaisisita n'kuitsanzika. Yaing'ono yachikasu, yatsopano m'katoni, inali yokongola, koma atailumikiza ku makina opopera matayala inatsokomola kawiri n'kuzima. Kenaka kuseri kwa shopu anaona yofiira, yakale koma yosaphwasuka, yoti munthu mmodzi n'kuinyamula atalimba m'chiuno. Anakoka chingwe kamodzi kokha, iyo n'kulira. Mababu anayi, makina opopera ndi chobowolera, zonse pamodzi, osagwedezeka. Madola 140 basi!

“Mayi wina wamasiye waibweretsa sabata yathayi,” anatero wogulitsa. “Yangokhala zaka. Tenga m'bale, ndisanasinthe maganizo.”

Pa thanki panali dzina lokandidwa ndi msomali, Mounir Taleb, ndipo pa chogwirira panali mkanda wabuluu wotchingira diso loipa. Nazih anati ameneyu anali munthu wodziwa dziko. Nayenso anali atakonza kale zake. Adzaiika mkati mwa galaja, kutsitsa chitseko chachitsulo, mipata yonse kutseka ndi nsanza, kuti Abu Khodr woyandikana naye, wa maso ngati a mphaka uja, asamve ngakhale kaphokoso.

Anadutsa minda ya maolivi akuimba. Kuzizira kwa Januwale kunkaluma makutu, iye osamva. Wilibala ikuti kwii... kwii... kwii...

Nyimbo inathera pakhoma la manda.

Fungo la petulo. Lamphamvu, ngati wina wakhuthula chigubu. Komatu thanki anaikhuthula yekha pashopu paja! Anaima. Wilibala inakhala chete. Koma mapazi anapitiriza kumveka. Tswa... tswa... Kumbuyo kwake.

Anatembenuka. Munthu!

Bambo wachikulire, wovala ovololo yothimbirira mafuta, manja m'matumba. Masaya ake anali psuu, ngati wongotuluka kumene m'bafa la madzi otentha.

“Mtendere ukhale nanu, amalume,” anatero Nazih.

Bamboyo sanabweze moni. Maso anali pa chiguduli.

“Yalira kamodzi, eti? Imatero imeneyo. Siinyenga munthu.”

Nazih anayang'ana pa wilibala. Waiona bwanji ili yofunditsidwa? Ndiye anazindikira china. Mpweya wa iye mwini unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Pakamwa pa mlendoyo panalibe kanthu.

“Chitseko,” anatero bamboyo.

“Mwati chiyani, amalume?”

“Imapuma iyi. Iwenso umapuma. Chipinda chimodzi simungakwanemo awiri.” Anayandikira. “Sudzamva kuwawa, mwana wa m'bale wanga. Ndi tulo chabe. Tokoma...”

Dzanja linatuluka m'thumba, n'kulowa pansi pa chiguduli. Linatuluka ndi mkanda uja.

“Aka kamatchinga maso a anthu. Basi. Kwathera pomwepo.”

Galu anauwa kumunsi. Nazih anacheuka. Pobweza maso... msewu wokhawokha! Khoma. Mitengo. Fungo lija litapita.

Liwiro lake usiku umenewo, wilibala ikudumpha miyala, anthu akanaliona bwenzi akusimbabe mpaka lero.

Koma munthu ndi wovuta, abale. Atangoona nyumba yake, mantha anayamba kuchita manyazi. Ndi wamisala wa m'midzi ya kumtundaku, anadziuza choncho, kapenanso wakuba mikanda. Chimwemwe chija chinabwerera chonse. Analowetsa jenereta, kuthira petulo, kutsitsa chitseko, nsanza m'mipata monga anakonzera, n'kuitana mkazi wake Hiyam kuti atsike ndi mwana wawo Rima, wa zaka zitatu.

“Tsekani maso nonse!”

Anakoka chingwe. Mababu anayi, ngwee!

Hiyam anayamba nthungululu, mwamuna wake n'kumutseka pakamwa onse akuseka. “Ukufuna Abu Khodr amve?”

“Bambo a Rima, kodi galaja yanuyi ndi yauve chonchi? Bola mdima uja!”

“Nyoza lero. Mawa ukhala mkazi wa bwana.”

Rima ankathamangitsa chithunzithunzi chake pakhoma, kugwa, kudzuka, kuseka. Hiyam anatsitsa tiyi ndi buledi wowaza zaatara, zokometsera zakwawoko, nakhala pa mpando wakale wa galimoto, akuwerenga zomwe adzagule: firiji, makina ochapira, mwinanso nsalu za m'mawindo. M'galajamo munafunda bwino. Nazih sanakondwepo chotero chikwatirireni.

Rima anagona pamiyendo ya mayi ake.

“Mutu ukundilemera,” anatero Hiyam. “Kaya n'kukondwa...”

Nazih anafuna kuyankha. Lilime linakana. Anatsamira khoma. Pang'ono chabe. Mababu ankasambira. Zikope zikulemera. Tulo... tokoma...

Gu! Gu! Gu!

Chitseko chachitsulo chinagwedezeka chonse.

Gu! Gu! Gu!

“Chitseko!”

Mawu aja! Nazih anadzuka, miyendo n'kupindika. Anakwawa. Simenti. Sipanala. Nsanza. Anagwira chitseko, kukoka, chosayenda. Anakokanso ndi mphamvu ya munthu amene akumira. Chinakwera!

Panja panalibe munthu. Mphepo yokha, yozizira ngati mpeni.

Anazimitsa jenereta, kukokera Hiyam pabwalo, kubwerera kukatenga mwana. Rima anali wolobodoka ngati nsalu yonyowa. Anamugwedeza, kumuitana, kumuuzira kumaso. Zii. Apa Nazih anakuwa, kukuwa kwa bambo amene wapha mwana wake ndi manja ake, mudzi wonse n'kudzuka. Woyamba kufika anali Abu Khodr, wopanda nsapato, makiyi a galimoto ali m'manja.

Mwanayo analira ali m'njira yopita kuchipatala. Nazih sanamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko, ndipo analira naye limodzi osachita manyazi. Dokotala anati unali utsi wa jenereta, ndipo mphindi khumi zina, bwenzi akukumba manda atatu.

“Unagogoda ndiwe?” anafunsa Nazih m'bandakucha.

“Ine?” anatero Abu Khodr. “Ine ndimalota ndikudya nyama, wandidzutsa ndiwe ndi kukuwa kwako.”

Lachisanu m'mawa Nazih anatenga wilibala ija kuti akaibweze kwa mwini wake ku Halba. Pamanda paja panali amayi akuika nthambi zobiriwira pamitumbira ya abale awo. Anafuna kudutsa mofulumira, koma kanthu kabuluu kanaphethira padzuwa. Analowa.

Mkanda uja unali lende pamwala wa manda ena, ulusi wake womwewo. Anawerenga dzina. Mounir Taleb. Anawerenga chaka chomwalira, n'kuwerenganso. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Mayi wovala zakuda amene ankathira madzi pamtumbirapo anadzutsa mutu.

“Munkawadziwa amuna anga?”

“Ndagula jenereta yawo,” anatero Nazih.

Chigubu chinagwa m'manja mwa mayiyo.

“Mulungu andikhululukire, ndinaigulitsa chifukwa cha njala. Amuna anga anaigula madzulo, n'kudzitsekera nayo m'galaja kuti anthu asaione. Tinawapeza m'mawa atatsamira khoma, masaya ali psuu, ngati angogona.” Anamugwira malaya. “Mwana wanga, uiike panja. Aione onse, achite nsanje, zilibe kanthu. Panja!”

Nazih anayang'ana mkanda uja ukugwedezeka pamwala, kopanda mphepo.

“Anandiuza kale, mayi,” anatero. “Kawiri.”